Kodi FL Studio ingayende pa Linux? Yankho kwa wojambula nyimbo wa ku Kawale

Funso lafika kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Kawale amene ali ndi kasitudiyo m'chipinda cha kuseri kwa nyumba. Walemba kuti: "Ndili ndi laputopu ya HP, Core i5, RAM 8GB, ndinagula yakale ku Old Town. Windows 11 ikukana kulowa. Mnzanga anandiikira Linux Mint m'malo mwa Windows ndipo makinawo akuthamanga kuposa kale. Koma mabiti anga onse ndimapangira mu FL Studio, komanso ndimajambula makwaya ndi anyamata a hip hop. Ndamva kuti kuli chinthu chotchedwa Wine. Kodi chingandithandize, kapena ndingobwerera ku Windows?"

Achimwene, FL Studio imatseguka pa Wine, ndipo biti mutha kuiyamba mpaka kuimaliza. Ndaziona ndi maso, ndazichitanso ndekha. Koma pulogalamu kutseguka n'kwina, kujambula kwaya ya anthu 20 amene achita kusonkherana ya minibasi kuchokera ku Likuni n'kwinanso. M'funso lanu muli ntchito ziwiri, kupanga biti ndi kujambula mawu a munthu, ndipo Wine sizichita ziwirizi mofanana.

Ndiyambe ndakuchotsani mantha pa za Windows. Laputopu yanuyo sinafe ayi. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, ndiye malaputopu athu a kaunjika a m'badwo wa 4 kapena wa 6 amabwezedwa pachipata. Tsiku limene Microsoft inaika lothetsera chisamaliro cha Windows 10 linali 14 Okutobala 2025, koma kutha kwa chisamaliro sikutanthauza kuti kompyuta isiya kuyaka. Mfundo iyi muisunge, tibwererako.

Kodi Wine n'chiyani? Ku msonkhano wa chitsitsimutso, mlaliki akakhala wochokera kunja, pambali pake pamaima womasulira. Mlaliki akaponya mawu, womasulira amawatembenuzira m'Chichewa pomwepo. Wine ndi womasulira wotero. FL Studio ikafuna kutsegula fayilo, kuonetsa batani pa sikirini kapena kutumiza mawu ku sipika, imapempha m'chilankhulo cha Windows, ndipo Wine imalinena pempholo m'chilankhulo chimene Linux imamva. M'katimo mulibe Windows, ngakhale kachidutswa. Dzinalo likuimira mawu akuti Wine Is Not an Emulator, kutanthauza kuti siyerekeza kukhala kompyuta ina. Masamu onse olemera, monga kuwerengera reverb kapena kupanga kulira kwa synth, amachitikira pa purosesa yanu mwachindunji. N'chifukwa chake biti ya matiraki 40 silemera modabwitsa pa Wine poyerekeza ndi pa Windows.

Koma vuto la womasulira mumalidziwa. Mlaliki akatulutsa mwambi wa kwawo, womasulira amagwira njakata, kapena amangonena zake. Ntchito ya Wine inayamba mu 1993, Alexandre Julliard wakhala akuitsogolera kuyambira 1994, ndipo mtundu wa 1.0 unadzatuluka mu 2008, patapita zaka 15. Zikuonetseratu kukula kwa chilankhulo chimene akumasuliracho. Chiyambire 2018, pamene kampani ya Valve inatulutsa Proton yoyendetsera magemu a Windows pa Linux, Wine yapita patsogolo kwambiri, ngakhale kunena zoona a magemu ndiwo amadya nyama, ife a nyimbo timangopatsidwako msuzi. Image-Line, kampani ya ku Belgium imene imapanga FL Studio, imatulutsa ya Windows ndi ya Mac basi, ndipo ya Mac yeniyeniyo inangobwera mu 2018 ndi FL Studio 20. Chikavuta pa Linux, kulibe wokamudandaulira. Makanika ndinu nomwe.

Kuika kwake sikovuta, sindichedwapo. Tengani Wine ku nkhokwe ya WineHQ, osati imene imabwera ndi Mint, chifukwa imeneyo imatsalira m'mbuyo. Wine imapanga foda imene amaitcha prefix, mmene muli drive_c ndi Program Files ngati pa Windows. Pangani prefix ya nyimbo yokha, osasakanizamo magemu. Kenako ikani corefonts, zilembo za Windows, kudzera mu winetricks, kapulogalamu kothandizira kuwonjezera zinthu mu Wine, apo ayi malo ena mupeza mulibe zilembo. Installer ya FL Studio imayandikira 1GB, ndiye itsitseni ndi bandulo ya usiku kapena pamene pali Wi-Fi. Ikakupatsani mwayi woika ASIO4ALL, driver ina ya mawu, kanani. Imeneyo imadalira mbali ya Windows imene mu Wine mulibe.

Tsopano pa nkhani ya mawu, apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Pa Windows munazolowera kuti mukagula audio interface, kabokosi kolumikizira maiki ndi mahedifoni ku kompyuta, mumaika driver yake ya ASIO, njira imene kampani ya Steinberg inapanga kuti pulogalamu izilankhula ndi chipangizo mwachindunji. Pa Wine driver ya kampani silowa, chifukwa Wine imamasulira mapulogalamu, osati ma driver a zipangizo. Amene amalankhula ndi interface yanu ndi Linux mwini. Mwayi wake ngwakuti ma interface ambiri a USB amene timagwiritsa ntchito, monga Focusrite Scarlett 2i2 kapena Behringer UMC202HD, amatsata muyezo umene Linux imaudziwa kale, ndiye mukangolumikiza amaoneka okha.

Chotsala ndi kulumikiza FL Studio ndi interface-yo, ndipo zimayenda ngati anthu opatsirana njerwa pomanga nyumba. FL Studio imapereka mawu kwa WineASIO, kadriver kamene kamaoneka ngati ASIO kwa pulogalamu ya Windows. WineASIO imapereka kwa JACK, njira ya mawu ya akatswiri imene Paul Davis anayambitsa. JACK imapereka kwa ALSA, imene ili m'kati mwa Linux, kenako ku interface. Masiku ano malo a JACK amatengedwa ndi PipeWire, njira yatsopano ya mawu pa Linux, imene imatha kudziika ngati JACK. Linux Mint 22, yotuluka mu 2024, imabwera ndi PipeWire, pamene Mint 21 inkabwera ndi PulseAudio, choncho onani kaye imene mnzanu anakuikirani. Ngati ndi 22, ikani pipewire-jack ndi WineASIO, lembetsani WineASIO mu prefix yanu ndi lamulo la wineasio-register, yatsani FL Studio kudzera mu pw-jack, kenako musankhe WineASIO mu Audio settings. Mmodzi mwa opatsirana njerwawa akachedwa, khoma limaima, ndipo inu mumamva kuti thetheee, phaphapha m'sipika. A Linux amakutcha kudukizaku xrun.

Ngati mukungopanga biti ndi mausi, kudina mu piano roll ndi mu step sequencer, zonsezi mutha kuzilumpha. Driver ya FL Studio ASIO imene imabwera ndi pulogalamuyo kawirikawiri imatulutsa mawu pa Wine popanda kuchita chilichonse. Imachedwerapo, koma kick ikamveka mochedwa pang'ono mutadina play, palibe amene amwalira.

Kuchedwako kumapweteka pamene pali munthu pa maiki. Masamu ake ndi apafupi. Kompyuta simatumiza mawu limodzilimodzi, imasonkhanitsa timagawo totchedwa ma sample mu buffer, ikadzadza n'kutumiza. Pa 48,000 Hz, kutanthauza ma sample 48,000 pa sekondi, buffer ya ma sample 256 imatenga mamilisekondi 5.3. Ya 512 ndi 10.7, ya 1024 ndi 21.3. Mawu a woimba ayenera kulowa kaye kenako kutuluka kupita ku mahedifoni, ndiye muchulukitse kawiri, n'kuwonjezerapo kanthawi ka interface. Pa 1024 mwapitirira mamilisekondi 40. Buffer yaing'ono imachepetsa kuchedwa koma imapanikiza purosesa, ndipo ma xrun amachuluka. Yaikulu imapumitsa purosesa koma imasokoneza woimba.

Ndinaphunzira izi mochititsa manyazi. Tsiku lina ndikujambula kwaya ya amayi a ku Area 25, ndinali nditakweza buffer kufika pa 1024 kuti kuthetheka kuthe. Mayi wotsogolera nyimbo anavala mahedifoni, anaimba mzere umodzi, n'kuima. Anayesanso, n'kuimanso. Kenako anachotsa hedifoni imodzi kukhutu n'kunena kuti, "Achimwene, mawu angawa akunditsatira pambuyo ngati ndikuimbira m'chitsime." Anzawo anaseka, ine thukuta lili kamukamu. Mankhwala ake anali pamaso panga pomwepo: kabatani ka Direct Monitor pa interface. Mukakadina, mawu a pa maiki amapita ku mahedifoni molunjika osadutsa mu kompyuta, ndiye kuchedwa kulibe ngakhale buffer ikule bwanji. Muzimitse monitoring ya m'pulogalamu kuti asadzimve kawiri. Chimene woimba amataya ndi reverb ndi autotune ya m'makutu pamene akuimba. Makwaya alibe nazo ntchito. Anyamata a hip hop ndi amene adzakuvutitseni, chifukwa ena popanda kudzimva ndi autotune mzimu subwera, ndipo kwa iwowo mufunika buffer ya 128 kapena 256 yokhazikika, chinthu chimene pa Wine ndi Core i5 yakale chimafuna kuleza mtima.

Pali zinthu ziwiri zimene zimachepetsa ma xrun. Choyamba, lowetsani dzina lanu mu gulu la audio ndipo muonetsetse kuti gululo lapatsidwa rtprio 95 ndi memlock unlimited m'mafayilo a mu /etc/security/limits.d, kuti ntchito ya mawu izipatsidwa mpata patsogolo pa china chilichonse. Chachiwiri ndi cha kwathu kuno kwenikweni. Magetsi akazima pakati pa ntchito, laputopu imagwera pa batire, ndipo purosesa imadzichepetsera liwiro kuti isunge moto. Biti imene imayenda bwinobwino pa chaja imayamba kuthetheka. Choopsa n'chakuti xrun ikachitika mukujambula, kudukako kumalowa m'fayilo momwemo, ndipo mumadzakumva mawa oimba atapita kale. Ikani CPU governor, imene imalamulira liwiro la purosesa, pa performance nthawi yojambula, zimitsani Wi-Fi ndi browser, ndipo muvomereze kuti batire itha msanga.

Za mapulagini, timapulogalamu towonjezera totulutsa kapena kukonza mawu. Amene amabwera ndi FL Studio, monga Sytrus, Harmor, Maximus, Edison, Gross Beat ndi Fruity Parametric EQ 2, kawirikawiri amayenda pamodzi ndi mayi wawo. Ngati mabiti anu amadalira amenewa ndi ma sample a mawu ojambulidwa kale, muli pabwino. Mavuto amayambira pa mapulagini a makampani ena, ndipo chodabwitsa n'chakuti nthawi zambiri chimene chimakanika si mawu ayi. Ndi mlonda wa pakhomo, kapulogalamu kotsimikizira laisensi. Mapulagini otetezedwa ndi iLok ndiwo amatchuka ndi kuvuta pa Wine, ndipo amene amafuna pulogalamu yapadera yotsitsira ndi kulembetsa, lero iyenda, mawa akaisintha yasiya. China chimene chimavuta ndi nkhope ya pulagini: zenera limatha kubwera lakuda bii, kapena kuphethiraphethira. Ndalama zakunja mmene zikusowera, musagule pulagini musanayese demo yake mu prefix yanu yomweyo. FL Studio nayonso ili ndi trial yopanda malire a masiku, imene imalola kusunga project koma osaitsegulanso, ndipo ndi yokwanira kuyesera ngati mawu akutuluka bwino.

Ndisabise mawu pa za ma crack, mapulogalamu othyoledwa kuti aziyenda popanda laisensi, poti tonse tikudziwa zimene zimayenda m'ma flash m'masitudiyo a mu Lilongwe muno. Anthu amaganiza kuti pa Linux vairasi ya Windows ilibe mano. Pa Wine ili nawo. Womasulira sasankha, amamasulira mlaliki, amamasuliranso wakuba. Mu prefix iliyonse muli drive Z: imene imaloza ku mafayilo onse a Linux, ndiye pulogalamu yoipa itha kufika pa chilichonse chimene inu mumafikapo, kuphatikizapo foda ya nyimbo za makasitomala anu. Komanso chinthu chothyoledwa chikakana kuyenda, simungadziwe ngati wolakwa ndi Wine kapena amene anachithyolayo. Laisensi ya FL Studio mukagula kamodzi, mitundu yonse yotsatira mumalandira kwaulere, ndipo pa mapulogalamu a nyimbo mwayi wotere ngosowa. Pali ma synth abwino aulere amene ali ndi mtundu wa Linux weniweni: Surge XT, Vital, Dexed. Pa EQ ndi compressor pali LSP Plugins.

Ndiye ine ndikanakhala inu ndikanatani? Ndikanagawa ntchito pawiri. Biti ndizipangira mu FL Studio pa Wine, poti zala zanu zinazolowera piano roll yake ndipo mafayilo anu a .flp satseguka mu pulogalamu ina iliyonse. Biti ikatha, nditulutse tiraki iliyonse payokha ngati WAV ya 24-bit, zimene FL Studio imachita mukasankha Split mixer tracks potulutsa. Kujambula mawu ndi mixing ndizichitira mu pulogalamu imene inabadwira pa Linux kapena ili ndi mtundu wake weniweni wa Linux, yosafuna womasulira. Reaper ya kampani ya Cockos ndiyo ndingakulozereni poyamba: kutsitsa kwake sikukwana ndi 20MB yomwe, mumaiyesa kwaulere masiku 60, laisensi yake ya anthu a bizinesi yaing'ono ndi madola 60, ndipo pa laputopu yakale imapepuka ngati nthenga. Ardour iliponso, ya Paul Davis yemwe uja. Bitwig Studio ya ku Berlin yakhala ndi mtundu wa Linux chitulukireni mu 2014, ndipo ndiyo yoyenera amene anazolowera Ableton Live, poti Ableton pa Wine imavuta kuposa FL Studio. LMMS imafanana ndi FL Studio pa maonekedwe, koma pa ntchito yojambula oimba musaidalire.

Ubwino wa kugawaku ngwakuti nthawi imene kasitomala ali m'chipinda, womasulira sali pa njira ya mawu ake. Wine ikachita zake usiku muli nokha mukupanga biti, mumangotseka n'kutsegulanso. Ikachita zomwezo kwaya itaima pa maiki, mbiri imafika ku tchalitchi Lamulungu lomwelo.

Ngati pali pulagini ya Windows imene simungagone popanda iyo pa mixing, pali mlatho wotchedwa yabridge, wopangidwa ndi Robbert van der Helm. Umatenga mapulagini a Windows a VST2, VST3 ndi CLAP n'kuwaonetsa kwa Reaper kapena Ardour ngati a Linux, uku kuseri akuyendera pa Wine. Mumauuza foda imene muli mapulagini ndi yabridgectl add, kenako yabridgectl sync. Pulagini iliyonse imayendera kunja kwa pulogalamu yaikulu, ndiye ikagwa nthawi zambiri imagwa yokha osagwetsa nyumba. Dziwani kuti yabridge sigwirizana ndi mapulogalamu oikidwa kudzera mu Flatpak, njira ina yoikira mapulogalamu pa Linux, ndipo Software Manager ya Mint imaonetsa a Flatpak pamodzi ndi enawo, choncho yang'anitsitsani musanadine.

Langizo limene ndimapereka kwa aliyense, ndipo ambiri samvera mpaka atapsa: zikangoyenda, musakhudzenso. Chakumapeto kwa 2024, pamene Wine 9.22 inatuluka, anthu ambiri a yabridge anapeza kuti mausi ikudina malo ena, pulagini ikumva malo ena, ndipo malangizo amene anaperekedwa anali akuti abwerere ku Wine Staging 9.21. Palibe amene anachita dala, n'kuti Wine imasintha pafupipafupi ndipo kusintha kothandiza pulogalamu ina kumatha kuthyola inzake. Mukapeza mtundu umene ukuyendetsa zinthu zanu, umangeni ndi apt-mark hold kuti Update Manager isaukhudze. Koperani foda yonse ya prefix pa hard drive yakunja. Yatsani Timeshift, imene imabwera kale mu Mint, kuti zikasokonekera muzibwerera pamene zinali dzulo. Ndipo usiku woti mawa kukubwera oimba, dzanja lisayandikire batani la update, ngakhale kachishango kaja kakukodoleni bwanji.

Tibwerere ku Windows 10 ija. Ngati situdiyoyi ndi imene imakulipirirani lendi, palibe manyazi kusunga Windows 10 pa gawo lina la disk, n'kumasankha poyatsa makina. Ichotseni pa intaneti, musamatsegulirepo WhatsApp kapena kulowetsa ma flash a aliyense, ikhale ya nyimbo basi. Ndi njira yothawirapo tsiku limene kasitomala wabwera ndi project ya .flp yodzadza ndi mapulagini amene Wine ikuwakana. Za kuika Windows m'kati mwa VirtualBox, pulogalamu yoyendetsera kompyuta ina m'kati mwa inzake, musataye nazo nthawi. Pamenepo mukuyendetsa makompyuta awiri pa RAM ya 8GB, ndipo mawu amachedwa kuposa pa Wine. Ngati laputopuyo ikadali ndi hard disk yozungulira, ndalama yoyamba ipite ku SSD musanaganize za pulagini iliyonse.

Musanasankhe, patulani Loweruka limodzi lopanda kasitomala. Tsegulani project yanu yolemera kwambiri, ija yokhala ndi mapulagini ambiri, muiseweretse mobwerezabwereza kwa mphindi 10 pa buffer ya 256. Pakati pake zulani chaja, mumve ngati ikuthetheka. Lumikizani kiyibodi ya MIDI muimbe ma chord, muone ngati zala ndi makutu zikugwirizana. Jambulani mawu anu kwa mphindi 5 mosadukiza, kenako mumvetsere fayiloyo ndi mahedifoni kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tsegulani pulagini iliyonse imene mumagwiritsa ntchito, mupotoze ma knob ake, musunge project, mutseke, muzimitse laputopu, muyatse, mutsegulenso. Lembani pa pepala chilichonse chimene chakanika. Pepalalo likakhala ndi zinthu ziwiri kapena zitatu zimene mungazipezere zolowa m'malo, khalani pa Mint. Likadzadza, gawani disk muikenso Windows 10 pambali, ndipo mabiti atsopano muziyambira pa Linux mpaka pepalalo litafupika.